Diso la alamu anu

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Kasakula tilipo, koma diso la alamu anu lafika poipa.

Kanyama koyera kanamera m'disomo, ife tinkati ndi fumbi la fodya, ine n'kumawadonthezera mkaka wam'mawere. Lachiwiri adokotala anati ndi chotupa, ndipo chimakonda anthu amene kachilombo kawafooketsa. Atapempha kutiyeza magazi tonse awiri, alamu anuwo anangonyamuka, amvekere, "Chikudwala ndi diso, magazi alowapo bwanji?"

Kapepala kakuchipatala abisa. Kumaphwando a matipate kuno aliyense akulankhula za disoli. Inu munkapita nawo ku okushoni kukagulitsa fodya. Ankagona kuti? Musandibisire.

Mulungu akusungeni, koma yankhani msanga. Mwana wathu Tadala akuyamwabe.

Ine mlongo wanu,
Nachisale