Gudumu la Malemu Bambo Thibodeau

Komiti ya Aphunzitsi a Sayansi, Sekondale ya Aspen Coulee, Saskatchewan
Tsiku: 14 Malichi
Malo: Chipinda 12
Opezeka: Mayi Ahenakew (Wapampando), Mayi Kowalchuk, Bambo Dyck, Bambo Sandhu (Mlembi)
Osapezeka: Bambo Olafson (chipale chofewa chatseka msewu wakwawo)

1. Malikisi a Marlee Friesen

Wapampando anati Marlee, wa giredi 12, walephera mayeso a kemisitiri, ndipo zikakhala choncho malo ake kusukulu ya unamwino atayika.

Mayi Kowalchuk, amene anachonga mayesowo, anavomera kuti mayankho anali olondola: magalamu 36 a madzi ndi mamolo awiri (molo ndi muyezo wa kuchuluka kwa chinthu mu kemisitiri), ndipo mwanayo anachulukitsa bwino ndi nambala ya Avogadro kuti apeze mamolekyu. Koma komiti inagwirizana chaka chatha kuti ana azilemba njanji, mizere ija imene mayunitsi amafafanizana poyera. Marlee anachotseredwa malikisi chifukwa m'malo mwa njanji anajambula gudumu: molo pakati, magalamu uku, mamolekyu uko, mivi yolozera pogawa ndi pochulukitsa.

Bambo Dyck anati, "Aa, mayi, ndiye tikulanga mwana chifukwa cha chojambula basi?"

Mayi Kowalchuk anayankha kuti gudumu n'loloweza chabe, ndipo namwino wosasamala mayunitsi adzapha munthu ndi mankhwala. Mlembi akuvomereza kuti apa mayiwa sanalakwe, ngakhale mawu anakwera mopyola.

Bambo Dyck anakumbutsa kuti gudumulo n'la malemu Bambo Thibodeau, amene anaphunzitsa Marlee mpaka pamene anatisiya mu Januwale. "Nanga njanjiyo anamuphunzitsa ndani? Analowa m'kalasi mwanu mutuwo mutaudutsa kale."

Mayi Kowalchuk anayang'ananso pepala la Marlee, kenako anati, "Sindinamufunse."

Chigamulo: malikisi abwezedwe. Mayi Kowalchuk anadzipereka kumuphunzitsa njanji nthawi yopuma, asanapite kukagwira odwala.

2. Zina ndi zina

Wapampando anati wosesa akufunsa ngati angafufute gudumu limene likadali pakona ya bolodi ya chipinda chino, lojambulidwa ndi dzanja la malemuyo. Tonse tinatembenuka kuliyang'ana, ndipo Mlembi sabisa, chisoni chinamugwira.

Mayi Kowalchuk, amene anakangana ndi malemuyo za gudumuli moyo wawo wonse wa uphunzitsi, anati, "Alisiye. Njanji yanga ndijambula pambali pake."

Palibe anatsutsa.

Tidzakumananso pa 11 Epulo, m'chipinda chomwechi. Wapampando anatseka zokambirana nthawi ya 4:40 madzulo.

L. Ahenakew, Wapampando
H. Sandhu, Mlembi