Kuchokera pa Golosale ya Don Evelio

Lachiwiri, 14 Januwale

Ndafika. Maola asanu ndi awiri m'basi kuchokera ku Cartago, thabwa loyandamira pamafunde a nyanja la malemu amuna anga a Ovidio lili padenga, ine mtima uli m'mwamba pakhona iliyonse. Chipinda andipatsa cha mabedi awiri. Pa linalo ndagonekapo thabwalo.

Kapepala kawo ndili nako, zolemba ngati nkhuku yapalasa: "Xinia, kuchokera pa golosale ya Don Evelio, mamita 400 kumwera, 100 kumadzulo. Mchenga wokhawokha, mafunde aulemu. Ndidzakuphunzitsirani pamenepo." Zaka 31 akulonjeza, kenako mu Ogasiti basi, apita. Basi yobwerera ndi Lamlungu 2 koloko. Ndiyima pathabwa limeneli pagombe lawolo, kwina ayi.

Lachitatu, 15 Januwale

Golosale ya Don Evelio palibe akuidziwa. Atsikana a pashopu yobwereketsa matabwa angoyang'anana. Wina akuti, "Mayi, gombelo lilibe dzina? Tikuonereni pafoni." Foni ya chiyani! Akuti ndiphunzire pagombe lalikulu pomwe pano. Ndapita kukaona: miyala yakuda, mafunde otalika ngati nyumba, mzungu wina akutuluka magazi ali chuchuchu pabondo. Ayi zikomo.

Masana mpunga ndi nyemba. Woperekera zakudya wafunsa, "Muli nokha?" n'kuchotsa mpando winawo. Zandipweteka, sindinama.

Lachinayi, 16 Januwale

Mphepo tsiku lonse. Ndalankhula ndi galu basi.

Lachisanu, 17 Januwale

Ndinaganiza kuti sitolo yaikulu yatsopano ija mwina inamangidwa pamalo pa golosaleyo. Ndawerenga mapazi kuchokera pamenepo, thabwa kumutu, dzuwa likuswa mtengo. Ndathera pamatope pomwe mtsinje umathira m'nyanja, pali chikwangwani cha ng'ona. Ndakhala pansi ndalira.

A Ovidio inu, munthu wamkulu, kulozera mkazi wanu njira ndi golosale yoti kulibe? Koma ndikalipira ndani, nanenso kwathu ndimalozera alendo ndi mkuyu umene unagwa ndili mtsikana.

Kwatsala mawa ndi theka la mkuja.

Loweruka, 18 Januwale

Ndimagula kokonati kwa mayi wina wachikulire poimika magalimoto, ndangofunsa za golosale ija mwamwambo chabe. Iye chikwanje chili m'manja: "Ya Evelio? Si pamene mwaimapo apa! Inapsa kalekale, koma aliyense akudziwa." Aliyense ndani, mayi inu?

Dzina lake Doña Socorro. Wandiperekeza yekha, 400 kumwera, 100 kumadzulo, kanjira ka m'tchire. Gombe laling'ono, mchenga wokhawokha, mafunde akubwera mwaulemu ndithu. Sananame.

Kenako wayang'anitsitsa thabwa, mzere wobiriwira uja. "Iii, ili si la Ovidio wa ku Cartago?" Ndati ndine mkazi wawo, anatisiya. Wadzilemba mtanda. Kenako phwete kuseka mpaka misozi. "Pepani mayi, pepani. Tinkamutcha Chimwamadzi. Miyezi itatu pagombe lino, sanayimepo ngakhale kamodzi! Koma m'mawa uliwonse anali woyamba kulowa."

Zaka 31 ndikumvera nkhani za mafunde akuluakulu patebulo panga, ndikuwathirira khofi. Abodza inu! Ndaseka, kenako sindikudziwa kuti kulira kwayamba liti. Ndawasowa kwambiri.

Socorro akuti ankaphunzitsa anthu kale, mawondo ndiwo anamusiyitsa. Mawa 7 koloko, madzi akamabwerera.

Lamlungu, 19 Januwale

"Kokani mapazi mumchenga, musaponde! Nsomba zaminga zimagona pansipo." Socorro madzi m'chiuno, akukankha thabwa, akukuwa ngati ndine mwana wake. Ndagwa kasanu ndi kanayi. Madzi ndamwa, mwina ndi matenda a pabanja.

Kachikhumi ndayima. Manja ngati wogwidwa ndi apolisi, koma ndayima. Ndawerenga mpaka katatu. Ndacheukira kumtunda kuti ndione ngati a Ovidio aona. Kunali makokonati a Socorro ndi nsapato zanga.

Kapepala ndinakaiwala m'chovala chosambira. Kanyowa, inki yonse yasungunuka, palibe chowerengeka. Zilibe kanthu, njira ndayidziwa.

Basi ya 2 koloko ndaimva ikuliza hutala kumsewu. Ndinali m'madzi, ndikudikira funde lina.