Thukuta la mu Juni

Lolemba, 2 Juni 2025

Komboni yonse ya Kapata ili m'majuzi, ine thukuta kamukamu. Ana anga a Giredi 4 andifunsa ngati ndili ndi malungo. Si malungo, ndi jakisoni uja. Dokotala anandichenjeza kale: amagoneka mahomoni, msambo umaima, zotupa za m'chiberekero zimafota, ndiye pa opareshoni adzachotsa zotupa zokha n'kundisiyira chiberekero. Ndabayitsa kawiri, wachitatu ndi Lachinayi sabata yamawa. Zaka zisanu m'banja popanda mwana. Ndipirira ngakhale ndisungunuke.

Lachitatu, 4 Juni

Apongozi, amayi ake a Enoch, ali nafe kuyambira pa Pasaka chifukwa cha bondo. Kwawo ku Chipangali ndi mtsogoleri wa Chigwirizano cha amayi kutchalitchi, Baibulo silichoka m'manja, koma za mchere sanasiye: mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Kani nthawi yonseyi amandiwerengera! Lero ndikuthira mchere m'nyemba, iwo ali pakhomo kumwetulira.

"Dainess mwanawe, miyezi iwiri sunandiitanepo kuti ndikuthirire. Ukuganiza ndine mwana?"

Ndinangovundikira nyemba zanga. Anandilanda chidebe cha madzi, akuti ndisanyamulenso zolemera.

Lachisanu, 6 Juni

Mazira andiletsa. Kuima pakhomo andiletsa. Thukutali akuti ndi chizindikiro cha mwana wamwamuna.

Enoch wabwera kuchokera kuntchito kuchipata cha m'malire ku Mwami, ndamuuza zonse. Akuti, "Asiye asangalaleko pang'ono, tidzawauza opareshoni ikatha." Munthu wokangana ndi madalaivala a mathiraki tsiku lonse, koma pamaso pa amayi ake ndi nkhuku yonyowa. Ndakwiya kwambiri. Mwina ndi mankhwalawa, koma sindikuganiza choncho.

Lamulungu, 8 Juni

Kutchalitchi amayi atatu andigwira dzanja nthawi yaitali. Nkhani yafika kale.

Lachiwiri, 10 Juni

Zaphulika. Apongozi anandiuza kuti aitana amayi achikulire Loweruka kudzandilangiza za mimba yoyamba, nkhuku agula kale. Ine n'kunena kuti Lachinayi ndikupita kuchipatala kukabayitsa pamimba.

"Pamimba? Pali mdzukulu wanga? Sungapite!"

E. anali pomwepo, maso ali pa foni. Ndinamudikira. Sanadzutse mutu. Ndiye ndinagwada ndekha.

"Amayi, mulibe mwana m'mimbamu. Muli zotupa. Msambo waimitsidwa ndi jakisoni."

Nkhope yawo inagwa, mpaka ndinawamvera chisoni. Kenako mawu anatuluka ouma.

"Jakisoni woimitsa mwezi timamudziwa ife, ndi wakulera. Mwana wanga akudikira zaka zisanu, iwe ukutseka dala? Ukapitako Lachinayi, ine ndikaitana ankhoswe."

Ndinayankha mwaulemu kuti ankhoswe abwere, ndidzawaphikira, koma Lachinayi ndipita. Ndikalumpha jakisoniyu zotupa zikulanso, ndipo chiberekero chimene akuchifunacho madokotala adzachichotsa chonse.

Lachitatu, 11 Juni

Sakundilankhula. Chakudya changa sanadye, akazinga chimanga chawo. E. walawirira ku Mwami, akuti mathiraki achuluka. Achuluka lero!

Ndalira pang'ono kuseri kwa kalasi. Mawa ndipitabe.

Lachinayi, 12 Juni

Ndikutseka geti m'mawa, ndinamva ndodo kumbuyo. Apongozi, duku lili kumutu.

"Ndikufuna ndikamve ndi makutu anga. Ankhoswe sindingawaitanire mphekesera."

Kuchipatala ndinapempha nesi, Sista Precious, kuti alowe nawo. Sanadikire n'kupatsidwa mpando komwe.

"Mwanawe, ndiuze zoona. Uyu ndi wakulera?"

Sista anati ayi. Anawaonetsa chithunzi cha sikani, chotupa chachikulu chinali ngati lalanje, pano chafika ngati ndimu. Anawauza kuti mankhwalawa sapitirira miyezi isanu ndi umodzi chifukwa amafooketsa mafupa, ndipo panthawiyi sindiyenera kutenga mimba chifukwa angavulaze mwana.

"Nanga mwezi udzabwerera?"

"Kwa ambiri umabwerera, Amayi, tikangosiya."

"Mwana?"

"Ameneyo sindingakulonjezeni. Tikungomukonzera malo."

Ndinaganiza kuti atuluka pomwepo. Anakhala. Sista atang'amba pepala n'kutulutsa singano, apongozi anadzidzimuka.

"Mayo ine! Imeneyi ndi ya munthu kapena ya ng'ombe?"

Ndinagona, n'kukweza bulauzi. Inalowa m'munsi mwa mchombo, ululu wake womwe uja. Sindinalire. Nditatsegula maso ndinapeza dzanja lawo lili pachipumi panga, akundipukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Kawiri konse unabwera wekha?"

Ndinavomera ndi mutu.

Panja anandiuza kuti ndiwaimbire Enoch. Anatenga foni, anthu pamzere wonse akumva.

"Iwe Enoch, singano imene akubayidwa nayo mkazi wako unaionapo? Mwezi wamawa mathiraki ako adikire, ubwera naye ndiwe."

Anandibwezera foni. Ndinafunsa chapansipansi za amayi a Loweruka aja.

"Ndinawaitana ndine, ndikawabweza ndine. Iwe gwira mkono wangawu, bondoli layamba."