Tonse Tinabadwa pa Tsiku Loyamba la Chaka

Kolfe, Addis Ababa
Pa 9 mwezi wa Tikimt

Okondedwa achimwene anga Asmamaw,

Landirani moni wa masiku ambiri. Kodi mukudzuka bwanji kumeneko ku Mota? Bondo lija likukulolani kufika kutchalitchi? Ine thupi lilipo, mtima ndiye ayi. Akundilembera ndi mayi Amsale a khomo loyandikana, ndipo ndawauza kuti alembe momwe ndikuyankhuliramu, asakometse.

Mvula yatha kuno. Mbewu yathu ya tefu yakwera mtengo moti mkate wa injera tikuphika wosakaniza ndi mpunga, madzi pampopi akubwera Lachiwiri lokha. Koma izo ndi zazing'ono. Nkhani ndi ya mwana wanga Mintesinot.

Mukudziwa kuti iye ndi mnzake wa kusukulu, mtsikana uja Birtukan, ali ndi kakampani ka za makompyuta. Boma linaitana makampani kuti apikisane pa ntchito yosamutsa mayina a anthu a penshoni, kuwachotsa m'mabuku ndi m'makina akale, kuwaika m'nkhokwe yatsopano ya pakompyuta. Mintesinot anandiuza poyera kuti uku ndi kuyesa komaliza. Akaipeza ntchitoyi akhala, ikamuphonya apita ku Dubai kumene akhala akumuitana.

Milungu itatu anakangana pakhonde langa, ine ndikukazinga khofi. Birtukan ankafuna nkhokwe yaulere yoti aziikonza ndi manja awo, n'kumasamutsa pang'onopang'ono, dera lina likatha ndiye lina, mabuku akale ali chitsegulire. Mintesinot ankafuna yogula kunja, ya dzina lalikulu, imene imasesa yokha mayina obwerezedwa, ndipo onse asamuke m'masiku awiri. Ankati akuluakulu a boma amakopeka ndi dzina komanso liwiro. Birtukan anamunena kuti akufuna kukhuthulira tefu wa chaka chonse m'nkhokwe osasuzumira ngati pansi pali chibowo. Iye anabweza kuti ndi mayendedwe a kambawo, nkhalamba zonse zidzakhala zili kumanda ntchito isanathe. Birtukan anati chabwino bwana, dzina la pachikwangwani ndi lanu. Anaseka onse, koma kuseka kwake kunali kouma.

Tsiku lina ndinamva Mintesinot akufotokoza kasesedwe kake. Akuti dzina likafanana, la bambo likafanana, tsiku lobadwa likafanananso, makinawo amadziwa kuti ndi munthu mmodzi amene analembedwa kawiri, ndiye amafufuta winayo.

Achimwene, pomwepo ndinakumbukira za kwathu. Mukukumbuka tsiku tinapita kukatenga zitupa, mlembi natifunsa kuti tinabadwa liti? Inu munati chaka cha dzombe, ine ndinati amayi ankanena kuti inali nthawi yokolola. Iye osadzutsa ndi mutu womwe anatilembera tonse awiri Meskerem 1, tsiku loyamba la chaka. Ndipo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zimene ndinaphika tiyi muofesi ya penshoni, ndinkaona zomwezo. Wa kumudzi aliyense wosadziwa tsiku lake ankamupatsa Meskerem 1, chaka n'kungoyerekeza poyang'ana makwinya. Nanga kwathu ku Gojjam kokha kuli a Alemu ana a Kassa angati?

Pakamwa ndinatsegula ndithu. Ndinati mwanangu, za masiku obadwazo. Iye anandigwira paphewa mwachikondi, anati Emaye, mayi anga, khofi wanu akupserera, izi tisiyireni ife. Birtukan ndiye ananditembenukira, n'kufunsa kuti mumati chiyani amayi. Ndinayang'ana mapepala awo odzaza zilembo zimene sindizidziwa, ndinaganiza kuti anthu a kuyunivesite sangaphonye chimene wophika tiyi akuchiona. Manyazi anandigwira. Ndinati ayi, palibe, n'kupita kukatenga makapu.

Lachinayi la sabata yatha anapita kukaonetsa luso lawo. Boma linapatsa kampani iliyonse mayina zikwi makumi awiri oyesera. Makina a Mintesinot anamaliza anzawo asanafike ndi pakati pomwe, ena mpaka kuwomba m'manja. Kenako mayi wina wa m'gulu la oweruza anapempha kuti amufufuzire bambo ake, amene ankadziwa kuti ali m'mayinamo. Sanapezeke. Anali atamezedwa ndi munthu wina wa dzina lomwelo, wa dera lina. Ataunika bwino, nkhalamba mazana asanu ndi limodzi zinali zitasowa. Akuti mayiyo sanakalipe. Anangofunsa modekha kuti bambo angawa mwawaika kumanda ati, ndikawauze abale tikalire.

Ntchito apatsa ena. Birtukan sanapondenso pakhomo pano. Mintesinot akudya ngati mbalame, ndipo dzana anandiuza kuti anyamuka mwezi wamawa usanathe. Akuti azinditumizira chilichonse chimene ndingasowe, ngati kuti chimene ndidzasowe chimagulitsidwa m'sitolo.

Chimene chikundidya ndi chakuti amadzitonthoza kuti palibe munthu akanaziganizira zimenezi. Akamatero ine ndimayang'ana pansi. Paja amati mawu a akulu akoma akagonera, koma anga anagonera m'kamwa mwanga momwemo mpaka anawola. Sindinamuuze, ndipo sindikudziwa ngati ndidzatha.

Pempho langa ndi limodzi. Nyumba ya malemu amayi ija, ngati denga likadalipo, musatsekeremo mbuzi chaka chino. Muwapemphe alamu aizire pansi. Mwana akakwera ndege, ine ndikwera basi. Mzinda uno ndinkaupirira chifukwa cha iye. Sindidzakuvutitsani, ndimadya pang'ono, ndipo kupeta tefu ndikuthabe.

Mundiperekere moni kwa alamu anga Yeshiwork, kwa ana anu onse ndi zidzukulu, kwa msuweni wathu Tadele ngati akumvabe, ndi kwa abambo athu auzimu Aba Melaku, atikumbukire m'mapemphero. Mukamayankha, nenani za denga ndi za bondo lanu basi. Za Meskerem musatchule, chifukwa makalata anga amafikira m'manja mwa Mintesinot, ndipo wondiwerengera ndi iyeyo.

Mulungu atisunge mpaka tionane maso ndi maso.

Ndine mlongo wanu,
Tiruwork