Thumba la m'kati mwa jekete

Lachinayi, Julayi 1961

Lero kunazizira, ndipo mtima wanga sunakhazikike. Achimwene anapita ku Boma atavala jekete ija ndinawasokera pakhonde la sitolo ya Amwenye. M'kati ndinaikamo thumba la batani, kuti ndalama za chikole cha chisankho zisagwe akamapalasa njinga. Ndinalisoka kawiri ndi ulusi wolimba.

Abwerako m'thumbamo muli pepala lolembetsera lokha. Kalaliki wawauza kuti popanda chikole sangapikisane nawo pa chisankho cha opita ku Nyumba ya Malamulo ku Zomba. Anthu a kumsika analonjeza kusonkha, koma ambiri abweretsa mtedza ndi mazira.

"Mlongo, thumba lako n'labwino," anatero akuseka, "koma kalaliki salandira mazira."

Ine sindinaseke. Ndimalakalaka nditawamva akuyankhula pamaso pa Azungu monga amayankhulira pophunzitsa ana, osakhwinyata chipewa m'manja.

Tsiku lomaliza kupereka chikole ndi Lolemba. Mwini sitolo anandifunsapo kale ngati ndingamugulitse makina anga osokera. Ndisanaweruke ndawapukuta makinawo, ndawathira mafuta, kenaka ndinangokhala n'kumawayang'ana. Achimwene sindinawauze, angandikanize. Mawa ndikangofika pakhonde, manyazi asanandigwire...