Njoka ya Abambo Ibwere Lachisanu

Ligowe, Neno
10 Febuluwale 2025

Iwe Binwell,

Tandiyankha, iwe katswiri: mwa magemu khumi aja unaika pa gulupu ya banja, oti ndi abwino kuposa onse chiyambire dziko, ndi iti imene inadzutsapo dzanja lakufa la munthu? Tchula imodzi yokha. Ukaisowa, khala pansi uwerenge kalatayi mpaka kumapeto.

Moni ndikupatsa, ungamati mlongo wako wamkulu waiwala mwambo. Uli bwanji ku Lilongweko? Nanga alamu anga, msana uja unawasiya? Ife kuno tadzuka. Mvula ikugwa ngati tinailakwira, msewu wa ku boma ndi phala lokhalokha, koma chimanga chamasula bwino. Amayi ali bwino kupatula maso aja. Za abambo ndi zimene ndatengera cholembera.

Ndalemba pa pepala dala. Pa foni ndimayamba kukalipa iwe usanamalize moni, kenako umadula, n'kumauza anthu kuti netiweki ya ku Neno ndi yovuta.

Mndandanda wako ndinauona. Ya mpira ija sindikutsutsa. Ya nkhonya unaiika pa nambala wani, koma sunalembe kuti ku Lisungwi, m'kanyumba ka kanema kaja, ndinkakugwetsa ndi batani limodzi mpaka unalira, ati padi yako yoseweretsayo ndi yakufa. Ya njerwa zogwa sunaiike n'komwe, chonsecho inatidyera mabatire a wailesi ya abambo chaka chathunthu. Zimenezo ndakukhululukira. Imene sindikukhululukira ndi ya njoka, ya mu foni yakale ya mabatani, yomanga ndi mphira ija, imene unawalanda abambo pa Khirisimasi.

Ndikudziwa uyankha kuti sunalande, unasinthanitsa. Unawapatsa foni ya tachi yatsopano m'bokosi mwake, iwo anailandira dzanja lamanzere litachirikiza lamanja, nathokoza katatu. Unkafuna atani? Kholo silikana mphatso ya mwana pamaso pa anthu. Iwe n'kuponya yakaleyo m'chikwama, ati ukaikamo simu yachiwiri.

Tsono ndiyambe ndavomera mlandu wanga, chifukwa ine sindibisa. Amene anakutuma ndine. Ndinakuimbira mu Novembala kuti abambo, mkulu wa mpingo, telala wodziwika Ligowe yonse, angokhalira kuthamangitsa kanjoka pa khonde ngati mwana, anthu opita kumsika akutiseka. Mafoni ndimakonza popanda wondiphunzitsa, ndinaphunzira pomasula ndi kuwononga, ndipo ndimadzitama kuti chinthu ndikangochiona ndimadziwa pamene pafa. Koma apa ndinayang'ana sikirini, osayang'ana chala.

Imva zimene tonsefe sitinkadziwa. Sitiroko itawagwira mu Meyi muja, dzanja lamanja n'kungolendewera, kuchipatala anawapatsa kampira koti azifinya. Abambo anakaponya mu nthochi, ati iwo sanabadwe dzulo. Amayi sanakangane nawo. Anangowasiyira foni yawo yakale pa mwendo, njoka ili pa sikirini, n'kuwauza kuti nambala ili pamwambayo, 1,846, anaipanga iwo kumsika masiku amene tomato analibe ogula, ndipo palibe mwamuna wa ku Ligowe angaifikire. Abambo ati mkazi wosadziwa kulowetsa ulusi pa singano sangawapose pa nkhani ya zala. Amayi ati onetsanitu, bambo a Callista, koma ndi dzanja lomwelo, lamanzere ndi kubera.

Tsiku loyamba anapeza 14. Njoka inkangodziluma mchira iwo akufunafuna batani. Pofika Okutobala anali atadutsa 600, ndipo sabata imene iwe unabwera anali pa 1,390. Anali atalumbira kuti tsiku limene adzadutse mayi a Callista, adzavundukula makina osokera n'kudula nsalu. Zonsezi ine ndazimva mwezi uno. Nanga akanandiuza ndani, poti ndinkadutsa pa khondepo nditakwinya nkhope?

Tachi yako ndi yabwino, sindinama. Ili m'bokosi pansi pa Baibulo, amaipukuta Lamulungu lililonse. Koma chala chawo chikaikhudza chimatsegula zinthu zisanu nthawi imodzi. Tsiku lina anaimbira abusa osadziwa, abusa n'kumamvera amayi akutukwana nkhuku zolowa m'nyumba. Kuyambira pamenepo anaisiya. Januwale yense chala chinangokhala.

Lachitatu lapitali ine ndi amayi tinawaperekeza abambo kuchipatala. Mayi woona za ziwalo anawauza kuti amufinye zala, kenako anatembenukira kwa ine, ati mu Disembala bambowa ankafinya mpaka kupweteka, nanga asiya chiyani? Ine ndinalumpha kuyankha kuti palibe chimene asiya, mankhwala akumwa onse, ndimawerenga ndekha. Amayi ndi amene ananena, mosakweza mawu, kuti mankhwala enieniwo ana awo anzeru anawachotsa chifukwa ankawachititsa manyazi.

Usaganize kuti ndinangokhala. Pa tebulo langa mafoni a mabatani ndi mbwee, ndinakonza imodzi ya njoka yomweyo n'kuwapatsa. Anaitembenuza uku ndi uku, nafunsa kuti nambala ya mayi a Callista ili pati. Ndinati iyi ndi yoyambira pa ziro. Ati iwo sathamanga ndi mphepo.

Amayi anayesa kupanga nambala yatsopano, foni ataiyandikitsa pamphuno, koma anathera pa 212. Abambo anaidutsa mawa lake, n'kukwiya koopsa. Ati tagwirizana kuwanyengerera ngati wodwala, iwo chipambano cha chisoni sachifuna. Amayi ati akanakhala ndi maso a zaka zija akanawaliritsa ngati mmene iwe unalirira ku Lisungwi kuja. Abambo ati maso asanamiziridwe, tomato ankavunda anthu akusewera. Anakangana mpaka tiyi anazizira. Ine ndinangoima pakhomo osaletsa, chifukwa pokanganapo abambo ankaloza amayi ndi dzanja lamanja.

Dzulo titaweruka kutchalitchi ndinawapeza abambo atavundukula makina pang'ono, akudontheza mafuta pa gudumu. Atandiona anaphimba msanga, ati amangoona ngati makoswe sanamangemo. Dzanja lija silinafe, Binwell. Latsala ndi 456 basi, ndipo likufuna nambala ija, osati ina.

Ine mbali yanga ndapepesa. Ndinagwada pa khonde pomwepo, anthu opita kumsika akuona. Abambo ati ndidzuke ndisadetse chitenje, pakamwa panga ndinatengera azakhali, si mlandu wanga. Za iwe sanatchule, ndipo sadzatchula. Adzafa ndi dzanja louma koma osanena kuti mphatso ya mwana wawo yawalanda kanthu.

Tsono imva. Gracious, mwana wa amalume amene wakupatsa kalatayi, akatsitsa mbatatesi abwerera kuno ndi lole Lachisanu. Foniyo umpatse pamodzi ndi mphira wake. Usaifufute, usaipereke kwa okonza mafoni a m'tauni, amangodziwa kufulasha basi, zonse za m'katimo n'kufufutika. Batire likakhala latupa lisiye, ndidzaona ine. Koposa zonse usasewere. Ndikukudziwa, zala zako sizimva. Foniyo imasunga nambala imodzi yokha, yapamwamba. Ukangodutsa ya amayi ndiye yawo yafufutika, ndipo palibe angaibweze, ngakhale ine.

Uikemonso kapepala ka dzanja lako. Uwauze kuti tachi aisunge ndi yawo, koma iwe ukufuna kuona ngati angadutsedi amayi, chifukwa ukukayika. Lemba choncho kumene, kuti ukukayika. Ukalemba zopepesa aibweza, ati tikuwamvera chisoni. Ukawaderera asewera mpaka batani la 8 lidzathothoke.

Undiperekere moni kwa alamu, uwauze kuti nsalu ija anasiya kuno amayi aibisa m'sutikesi, ati ndiyo idzayambe kudulidwa. Upatsenso moni azakhali a ku Kawale, koma za pakamwa zija usawauze. Mulungu akusungeni nonse, akupatse mphamvu pa ntchito, andichepetsereko ine ukali ngati n'kotheka.

Lachisanu ndidzakhala pamsewu kudikira lole. Gracious akadzatsika chimanjamanja, Loweruka ndikwera ndine, ndipo ndidzaitanira dzina lako pa geti anthu a m'dera lanu onse akumva. Tinawalanda tili awiri, ine ndagwada kale. Bweza foni ya abambo.

Ndine mlongo wako amene anakubereka kumsana,
Callista