Mdala Wina wa Kumudzi

Petauke,
17 Juni 2024

Okondedwa alongo anga a Mildred,

Ndikhulupilila muli bwino ku Kitweko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ndi kuzizila kokha, ndipo ana a kwaya yanga kusukulu akuimbabe ngati mbuzi zomangilila. Ndalemba kalata chifukwa pa foni mukanandidula ndisanafike pakati.

Loweluka ndinapita ku chiwonetselo cha zaulimi ndi zamalonda, gitala yanga ya besi ili kumsana. Pa sitandi ina yogulitsa masipika panali oimba a ku Lusaka, obwela kudzakopa ogula. Mtsogoleli wawo, a Jennipher, atamva kuti nyimbo ndinaphunzila kukoleji, anandilola kulumikiza gitala. Tinaimba nyimbo ziwili, mutu wanga n'kukula kuposa maungu a pampikisano.

Ndiye ndikuona amalume a Stanislaus akukankha njinga kulunjika pa sitandi yathu, babatoni wawo atam'manga pakaliyala. Mukumukumbuka, besi uja wa kumudzi wa chikopa cha ng'ombe, amene ankandikhazikapo miyendo yanga isanayambe kufika pansi. Anachoka naye ku Luembe, nakwela lole pa Nyimba, atamva kwa inu kuti ndikakhalako ndi gitala. Anavala jekete lija la pa ukwati wanu.

A Jennipher anaseka, nandifunsa ngati ndikuwadziwa. Alongo, maikolofoni inali yoyatsa. Ndinati, "Ndi mdala wina wa kumudzi."

Amalume anatsitsa babatoni, namuyanika padzuwa kuti chikopa chikungike, monga amachitila masiku onse.

Anthu atapempha nyimbo za kalindula, ine ndinathamangitsa zala kuti aone za kukoleji. Azimayi amene anayamba kuvina anaima, woimba ng'oma nasokonezeka kawili. A Jennipher anaitana amalume, mwina mwanthabwala chabe. Iwo anakhala pa babatoni, namenya mawu atatu okha, omwe aja anandiphunzitsa pansi pa mango. Fumbi linakwela mpaka ogulitsa mbewu anasiya masitandi awo. Ine ndinatsitsa mawu a gitala yanga mpaka zii, zala zikungoyenda kunamiza anthu.

Atatha, a Jennipher anawagwadila, nafunsa ngati alipo amene amalume anam'siyila luso limeneli. Amalume anapukuta thukuta, osandiyang'ana.

"Analipo mwana wa mlongo wanga," anatelo. "Anapita kukoleji. Tikumudikilabe."

Ndinawelama ngati ndikukulunga nthambo, ndipo nthamboyo ndinaikulunga katatu. Pomwe ndimadzutsa mutu anali atapita. Pa chikwama cha gitala anasiyapo phava la nthochi za pa Nyimba zimene anandinyamulila. Zapsa, zikununkhila nyumba yonse, koma sindinadyeko ngakhale imodzi.

Tsono ndiuzeni, inu odziwa mwambo: munthu akakana amalume ake pagulu, tambala mmodzi amakwana, kapena ayambe wapeza mkulu womupelekeza? Kukoleji izi sanatiphunzitse. Amayi musawauze, ngakhale ndikudziwa kuti masipika aja anafika patali.

Moni kwa alamu, ndi kwa mwana wanu Abby. Muuzeni asaleke kwaya. Mukaimbila amalume foni, musawapatse moni wanga monga muchitila nthawi zonse. Umenewo ndikapeleka ndekha ku Luembe Loweluka, gitala nditaisiya kuno.

Ndine mlongo wanu,
Kondwelani